Ndani Amadzutsa Tambala? Za Mabungwe Ofufuza Wotchi ya M'thupi



Mu 2013 asayansi awiri a pa yunivesite ya Nagoya ku Japan, Tsuyoshi Shimmura ndi Takashi Yoshimura, anafalitsa zimene anaona atatsekera atambala m'chipinda chopanda zenera. Anayatsa getsi lowala mwachizimezime, osalizimitsa usana ndi usiku, kuti atambalawo asadziwe ngati kunja kwacha kapena kwada. Sanasokonezeke. Ankalirabe pa nthawi yake, kulira kwa lero ndi kwa mawa kukutalikirana pafupifupi maola 24, kuperewera pang'ono chabe. Patapita zaka ziwiri ofufuza omwewa anawonjezera kanthu kena kokoma: pagulu la atambala, woyamba kulira amakhala uja wogonjetsa anzake pa ndewu, enawo amadikira kaye bwana atsegule pakamwa. Choncho tambala ali ndi chowerengera nthawi m'thupi mwake, ndipo kuwala kwa dzuwa kumangochikonza tsiku ndi tsiku kuti chisatsogole kapena kutsalira.

Lero mfundo imeneyi ili m'mabuku a sukulu. Zaka 70 zapitazo, munthu wophunzira akainena pamaso pa ophunzira anzake, ena ankamuyang'ana ngati woombeza ula. Ndikufuna ndikambe za mabungwe amene anaichotsa pamenepo n'kuifikitsa pamene ili, chifukwa ophunzira ambiri amaganiza kuti sayansi imayenda ndi anthu anzeru okhala payekhapayekha m'zipinda zawo. Kawirikawiri imayenda ndi misonkhano, mikangano, magazini ofalitsa kafukufuku, ndi anthu osamvana amene amakakamizika kukhala m'chipinda chimodzi.

Chinthucho chinaoneka kalekale. Mu 1729 Mfalansa wina wofufuza za nyenyezi, Jean-Jacques d'Ortous de Mairan, anaika mumdima chomera chotchedwa mimosa, chija chimapinda masamba ukachikhudza, ndipo anaona kuti masambawo akutsegukabe usana n'kutsekeka usiku. Aliyense wolima mtedza angathe kuona zofananazo: pitani kumunda dzuwa litalowa, mukapeza timasamba tagundana tiwiritiwiri. Koma kwa zaka 200 anthu oona zinthu zoterezi anali omwazikana. Wa zomera sankadziwa zimene wa tizilombo wapeza, ndipo dokotala sankawerenga za onse awiriwo.

Bungwe loyamba linabadwa mu 1937 m'tauni yaing'ono ya Ronneby, kummwera kwa Sweden. Anakumana anthu ochepa, ambiri mwa iwo madokotala. Mmodzi anali Erik Forsgren, amene anali ataonetsa kuti chiwindi chimagawa ntchito zake potsata nthawi: pali maola amene chimasunga shuga, pali ena amene chimalimbikira kupanga ndulu. Funso la madokotalawa linali la kuchipatala. Ngati thupi la m'mawa likusiyana ndi thupi la madzulo, kodi magazi oyezedwa 8 koloko m'mawa tingawayerekeze ndi oyezedwa pakati pa usiku? Nanga mankhwala apatsidwe ola liti? Anakumananso ku Utrecht mu 1939, kenako nkhondo inawabalalitsa. Bungwe lomwelo lilipobe. Mu 1971, pamsonkhano wa ku Little Rock m'dziko la America, linatenga dzina limene lili nalo mpaka pano, International Society for Chronobiology.

Uwo ndi mzere wa madokotala. Mzere wachiwiri unayamba ndi udzudzu, ndipo ndikupempha muusunge m'mutu.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mnyamata wina wa ku England, Colin Pittendrigh, anali pa chilumba cha Trinidad, ndipo anapatsidwa ntchito yothandiza kulimbana ndi malungo. Udzudzu wa kumeneko unkaswana m'timadzi tokhala pakati pa masamba a zomera zomera pamwamba pa mitengo. Pouwerenga anaona kuti mtundu uliwonse uli ndi maola ake ouluka ndi oluma. Atapita kukaphunzitsa ku Princeton anasiya udzudzu n'kuyamba ntchentche zing'onozing'ono za pa zipatso, zimene zimatuluka m'zikwa zawo m'bandakucha. Iye analingalira motere: zonse zochitika m'thupi la kachilombo zimafulumira kukatentha ndipo zimachedwa kukazizira. Chinthu chothamanga mu Okutobala n'kumatsalira mu Juni sichingatchedwe wotchi. Ndiye ali kumapiri a Rocky, kopanda labotale, anasandutsa chimbudzi chakale kukhala chipinda cha mdima, ndipo ntchentche zina anazitsekera m'poto wa chivindikiro chothina n'kumumiza mumtsinje wozizira. Za m'madzi ozizira zija zinatuluka mochedwerapo pang'ono chabe. Zimene anafalitsa mu 1954 zinakhala mwala wa pangodya: wotchi ya m'thupi ili ndi njira yodzitetezera ku kutentha ndi kuzizira.

Mu 1960 anthu a mzere umenewu anasonkhana ku Cold Spring Harbor, pafupi ndi New York. Kunali Pittendrigh, kunali Erwin Bünning wa ku Germany amene anafufuza masamba a nyemba, kunalinso Jürgen Aschoff, Mjeremani wina amene ankafufuza mbalame, mbewa ndi anthu. Ambiri amati sayansi imeneyi monga tikuidziwira lero inabadwira pamsonkhano umenewo. Kunalinso munthu amene ankatsutsa onsewo, ndipo ineyo ndimamuwerengera pa anthu amene anathandiza kwambiri.

Dzina lake Frank Brown, wa pa yunivesite ya Northwestern. Brown ankati m'thupi mulibe wotchi yoima payokha. Ankati chamoyo mukachitsekera mumdima chimamvabe zizindikiro zobisika za kuzungulira kwa dziko: mphamvu yokoka ya mwezi, maginito a dziko lapansi, kusintha kwa mpweya. Umboni wake unali wochititsa chidwi. Anatenga nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster ku New Haven, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, n'kupita nazo ku Evanston, mtunda woposa makilomita 1,000 kulowa kumtunda. Iye ananena kuti poyamba zinkayasama pa nthawi imene madzi amasefukira kwawo, koma patapita masabata awiri zinasintha n'kuyamba kutsata mwezi wa ku Evanston. Vuto la ganizo la Brown linali lakuti silinkagwirika. Ukatseka chizindikiro ichi, iye ankati chilipo china chimene sunatseke.

Kodi munthu wotere mumamuyankha bwanji? Karl Hamner wa ku Los Angeles ananyamula nyemba, ntchentche, nkhungu yomera pa buledi ndi tinyama tonga mbewa totchedwa hamster, ulendo wa ku South Pole, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kumeneko anaziika pa matebulo ozungulira mobwerera, kutsutsana ndi mmene dziko limazungulirira, kuti kwa zamoyozo dziko likhale ngati laima. Mawotchi awo anayendabe. Mu 1983 nkhungu yomweyo inakwezedwa m'chombo cha mumlengalenga, kumene dzuwa limatuluka pa mphindi 90 zilizonse, ndipo inasungabe tsiku lake. Brown anamwalira chaka chomwecho. Sanapambane, koma anakakamiza anzake kuti asamangokhulupirira chinthu chifukwa chikumveka bwino. Msonkhano wa asayansi uli ngati bwalo la kwa amfumu: mlandu sutha woutsutsa asanakhale pansi pa mtengo womwewo n'kumvedwa.

Musaganize kuti otsalawo ankagwirizana. Ku yunivesite ya Minnesota kunali Franz Halberg, dokotala wobadwira ku Romania, amene mu 1959 anapeka mawu akuti circadian amene dziko lonse likugwiritsa ntchito lero. Halberg ankafuna nthambi yatsopano ya sayansi, yokhala ndi masamu akeake, madipatimenti akeake ndi malo ake m'zipatala. Pittendrigh ankaona kuti zimenezo n'kuthamangira denga maziko asanaume. Kwa iye ntchito inali kumvetsa kaye mmene wotchiyo imayendera ndi chifukwa chake zamoyo zili nayo. Awiriwa sankamwerana madzi pa nkhaniyi, ndipo otsatira awo anagawanika. Bungwe la ku Ronneby lija linakhala nyumba ya a Halberg, ndipo kuyambira 1984 lili ndi magazini yotchedwa Chronobiology International. Enawo anakhala zaka zambiri opanda nyumba, mpaka Benjamin Rusak wa pa yunivesite ya Dalhousie ku Canada anayambitsa magazini ya Journal of Biological Rhythms, ndipo mu 1986 iye ndi anzake anakhazikitsa Society for Research on Biological Rhythms. Mtsogoleri wake woyamba anali Fred Turek. Msonkhano woyamba unachitika mu 1988 ku Wild Dunes m'chigawo cha South Carolina, ndipo amakumana kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse.

Ku Ulaya kagulu kamene kanayamba mu 1978 pofufuza kachiwalo kakang'ono ka mu ubongo kotulutsa melatonin kanakula n'kusanduka European Biological Rhythms Society. Japan ili ndi bungwe lake, India nayo ili ndi lake, ndipo mu 2003 mabungwe osiyanasiyana anachita msonkhano woyamba wa dziko lonse ku Sapporo.

Phindu la kukumanaku limaoneka bwino pa nkhani ya majini. Mu 1971 Ronald Konopka, wophunzira wa Seymour Benzer ku Caltech, anapeza ntchentche za mitundu itatu yachilendo: ina tsiku lake linali la maola 19, ina la maola 28, ina inalibiretu tsiku. Zonse zitatu zinali ndi chilema pa jini imodzi, imene anaitcha period. Chaka chotsatira magulu awiri, la Robert Moore ku Chicago ndi la Friedrich Stephan ndi Irving Zucker ku Berkeley, anapeza pamene wotchi yaikulu ya nyama zoyamwitsa imakhala: kachigawo ka ubongo ka maselo pafupifupi 20,000, pamwamba pa mphambano ya mitsempha yochokera m'maso. Mu 1990 Martin Ralph, Michael Menaker ndi anzawo anachotsa kachigawo kameneka mwa hamster wa tsiku la maola 20 n'kukaika mwa wa maola 24, ndipo wolandirayo anayamba kukhala moyo wa maola 20. Apa nkhani ya Brown inatheratu. Munthu wa ntchentche, wa mbewa, wa nkhungu ndi wa odwala osowa tulo akanatha kufa osadziwana. Misonkhano inawaika pa benchi imodzi, ndipo anazindikira kuti akusimba nthano imodzi: jini imapanga puloteni, puloteniyo ikachuluka imabwerera kukatseka jini yomwe yaipanga, kenako imaphwanyika n'kuchepa, jini n'kutsegukanso, ndipo ulendo wonsewu umatenga pafupifupi tsiku limodzi. Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chofukula zimenezi. Konopka, amene anatsegula khomo, anamanidwa mpando wokhazikika ku Caltech, anadzasiya kafukufuku, ndipo anamwalira mu 2015. Ndikunena dala izi kuti musaone ngati dziko la asayansi limagawa nyama mwachilungamo.

Ntchito ina ya mabungwewa ndi kudzikonza, ndipo imawawa. Aschoff ndi Rütger Wever anamanga zipinda pansi pa nthaka pafupi ndi Andechs ku Bavaria, mmene anthu odzipereka ankakhalamo masabata angapo opanda wotchi, wailesi kapena zenera. Zotsatira zake zinati tsiku la m'thupi mwa munthu ndi la maola 25, ndipo nambala imeneyo inalowa m'mabuku. Mu 1999 gulu la Charles Czeisler ku Harvard linaonetsa pamene panalakwika: anthu aja ankaloledwa kuyatsa magetsi okha, ndipo kuwala kwa madzulo kumakankhira wotchi mochedwa. Atachotsa vutolo anapeza maola 24 ndi mphindi 11. Mbali ya madokotala nayo inalawa zowawa zake. Mu 2019 kafukufuku wa ku Spain anati kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi pogona kumachepetsa kwambiri matenda a mtima ndi sitiroko, ndipo nkhaniyo inafala dziko lonse. Mu 2022 kafukufuku wa ku Britain wotchedwa TIME, wa anthu oposa 21,000, sanapeze kusiyana pakati pa omwa m'mawa ndi omwa madzulo. Kuona kwanga, pa liwiro Pittendrigh ankanena zoona, koma funso la Halberg silinafe. Choncho amayi ndi abambo amene mumamwa mankhwalawa, musasinthe ola chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp.

Masiku ano mabungwewa amalankhulanso kwa aboma, ndipo nkhani imene awonekera nayo kwambiri ndi ya kusintha mawotchi. Abale athu okhala ku Britain amaidziwa bwino: Lamlungu lomaliza la Malichi wotchi imakankhidwa ola limodzi kutsogolo, Lamlungu lomaliza la Okutobala imabwezedwa. N'chifukwa chake mwana wanu wa ku Leeds nthawi zina amatsalira ndi ola limodzi, nthawi zina maola awiri. Mu 2018 European Union inafunsa anthu ake, ndipo anayankha okwana 4.6 miliyoni, 84 pa 100 alionse akufuna kusinthaku kuthe. Koma kuthe n'kukhala pa nthawi iti? Ambiri amakonda ya chilimwe chifukwa dzuwa limalowa mochedwa. Mabungwe a Society for Research on Biological Rhythms ndi European Biological Rhythms Society anati ayi, ikhale nthawi yoyandikana ndi dzuwa, chifukwa kuwala kwa m'mawa ndiko kumakokera wotchi ya m'thupi pamalo pake, ndipo mwana wopita kusukulu mumdima amakhala atadzutsidwa thupi lake likadali usiku. Mbiri ili kumbali yawo: Britain inayesa nthawi ya chilimwe chaka chonse kuyambira 1968 mpaka 1971 n'kuisiya, ndipo Russia inayesa mu 2011 n'kubwerera mu 2014. Nyumba ya malamulo ya Ulaya inavota mu 2019 kuti kusinthaku kuthe, koma mawotchi akusinthidwabe. Asayansi amalangiza, andale amagamula.

Ife kuno sitisintha mawotchi, ndipo dzuwa lathu ndi lokhulupirika: ku Lilongwe kutuluka kwake kumasuntha ndi ola limodzi lokha pa chaka chonse, pamene ku London usana wa mu Disembala sukwana maola 8 ndipo wa mu Juni umapitirira maola 16. Komabe amene anagwirapo ntchito ku Cape Town akudziwa kanthu. Wotchi ya kumeneko ndi ya ku Lilongwe zimanena ola limodzi, koma dzuwa limafika paliwombo ku Cape Town patatha pafupifupi ola lathunthu litafika kale kwathu. Munthu wozolowera kudzuka kukuyera amakadzuka kuli bii, wotchi ikunena zomwezo.

Apa ndiye pamene ndili ndi dandaulo. Mabungwe akuluakuluwa anabadwira kumayiko ozizira ndi olemera, ndipo mafunso amene amatenga malo ambiri pa misonkhano yawo ndi a kumeneko: kusintha mawotchi, kutopa kwa apaulendo wa pa ndege, chisoni chodza ndi mdima wa nyengo yachisanu, mafoni owala pabedi. Ndi mafunso abwino. Koma wokhala m'chipinda ndiye amasankha chokambirana. Ku India, M. K. Chandrashekaran ndi ophunzira ake ku Madurai analowa m'mapanga n'kupeza kuti mleme wokhala mkati mwenimweni, kosafika kuwala, umadziwa nthawi yotuluka pomva anzake akuuluka. Funso limenelo linafunsidwa chifukwa panali anthu okhala pafupi ndi mapangawo.

Nanga mafunso athu ndi ati? Bwererani kwa udzudzu wa Pittendrigh. Neti imateteza chifukwa udzudzu wa Anopheles umaluma usiku, anthu ali m'tulo. Chitetezo chonsecho chatsamira pa mawotchi awiri, ya udzudzu ndi ya munthu. Ku Benin, maneti atagawidwa paliponse, ofufuza anapeza kuti Anopheles funestus, mtundu umene kwathu kunonso ndi wofalitsa malungo kwambiri, wasunthira kuluma kwake cham'bandakucha, ndipo ku Senegal anaupeza ukuluma dzuwa litatuluka kale. Nako kachilombo ka malungo kali ndi nthawi yake. Ka mtundu wa falciparum kamatenga pafupifupi maola 48 m'selo lofiira la magazi, kenako tizilomboto timaphulika pamodzi, ndipo ndi pamene wodwala amanjenjemera thupi n'kutentha. Mu 2020 magulu awiri analemba m'magazini ya Science kuti kachilomboka kamatha kusunga nthawi pakokha. Mmodzi wa ofufuzawo, Filipa Rijo-Ferreira, anali ataonetsa kale kuti kaodzera, matenda obwera ndi kashembe amene anthu a ku Nkhotakota ndi ku Rumphi amawadziwa, amafupikitsa tsiku la wotchi ya m'thupi, n'chifukwa chake wodwala amagona pa nthawi zolakwika. Ndipo azaumoyo akale akukumbukira kuti njira yakale yoyezera mntchofu inkafuna kutenga magazi usiku, popeza tinyongolotsi take timabisala m'mitsempha ya m'mapapo usana n'kutulukira pafupi ndi khungu pa maola amene udzudzu ukudya. Patrick Manson anaona zimenezi ku China m'zaka za m'ma 1800. Malawi anavomerezedwa ndi World Health Organization mu 2020 kuti wagonjetsa matendawa.

Onjezanipo anthu amene usiku ndiwo usana wawo: alonda, anamwino, madalaivala a mathiraki opita ku Beira ndi ku Durban, asodzi a usipa amene amachezera pa nyanja ndi nyali. Bungwe la International Agency for Research on Cancer linaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa, koyamba mu 2007, kachiwiri mu 2019. Umboni wambiri unachokera kwa anamwino a ku America ndi ku Ulaya. Mlonda wa ku Ndirande amene amaweruka 6 koloko m'mawa n'kukayesa kugona m'nyumba ya malata, masana a mu Okutobala, ana akusewera pakhonde, ali ndi vuto lina ndithu.

Zikachitika kuno, zotsatira zimadabwitsa. Mu 2017 Andrew Beale, Malcolm von Schantz ndi anzawo anafalitsa kafukufuku wochitikira ku Milange, tsidya la malire a Muloza, ndi kumudzi wa Tengua umene unalibe magetsi. Anthu anavala pamkono timakina tonga wotchi tolemba kusuntha kwa thupi. Ambiri ankayembekeza kuti magetsi amaba tulo. Anapeza kuti a m'tauni ankagona mochedwerapo ndi ola limodzi, koma ankadzukanso mochedwerapo ndi ola limodzi, kotero tulo tawo sitinachepe. Amene tulo tawo tinali todukaduka anali a kumudzi, ndipo pa zifukwa zimene ofufuzawo anatchula panali chogonera ndi kuchuluka kwa anthu m'chipinda. Mphasa inali ndi mawu kuposa babu.

Kwa ophunzira amene muli muno: mabungwewa amalandira ophunzira ngati mamembala, ndipo misonkhano yawo imakhala ndi magawo ophunzitsa achinyamata. Chokutsegulirani khomo ndi funso labwino lokhala ndi manambala osonkhanitsidwa mosamala. Kafukufuku wa maola oluma udzudzu safuna makina odula. Ogwira udzudzu amakhala mosinthana, wina m'nyumba wina panja, kuyambira madzulo mpaka kutacha, ndipo udzudzu wa ola lililonse umaikidwa m'kapu yakeyake. Mbali imene imaiwalika kawirikawiri ndi pepala lachiwiri, pambali pa la udzudzu, lolembapo za anthu: ola limene mayi wamaliza kutsuka mbale panja, ola limene mwana walowa m'neti, ola limene bambo watuluka kupita kudimba. Mukaika mapepala awiriwo pamodzi, mudzadziwa kuti pa kulumidwa konse kwa m'mudzimo, ndi kungati kumene neti singakuletse.